Malipenga, Gitala ndi Mpira m'Mbiri ya Amalawi

Anthu ambiri akamva mawu akuti mbiri ya dziko amaganiza za mafumu, azamishoni ndi atsogoleri a ndale. Komatu oyimba ndi ochita masewero nawonso ali ndi gawo lawo m'mbiriyo, makamaka pa ntchito yobwezera ulemu kwa munthu wakuda pa nthawi imene ankayesedwa wopanda nzeru. Chochititsa chidwi n'chakuti ambiri mwa iwo anagwiritsa ntchito zinthu zomwe zinabwera ndi atsamunda omwewo, nazisandutsa zawozawo.

Chitsanzo choyamba chikupezeka m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Dwambazi, kumene mtsinje wa dzina lomweli umalekanitsa boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay. Atonga a m'derali ndi anzawo a kumpoto kwa mtsinjewu amatchuka ndi gule wa malipenga. Guleyu anabadwa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, imene amuna ambiri a m'Nyasaland anapitako, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ena ngati atengatenga. Kunkhondoko anaonerera perete wa asilikali ndi magulu oyimba malipenga achitsulo. Atabwerera kumudzi analibe ndalama zogulira zida zoterozo, choncho anatenga zikho naziboola, n'kumata pabowopo kansalu kopyapyala kamene kangaude amaikiramo mazira. Munthu akayimbira m'chikhomo, mawu ake amamveka ngati a lipenga.

Ovina malipenga amavala malaya ndi makabudula oyera, nsapato ndi masokosi, ndipo amayenda mondondozana monga asilikali. Gulu lililonse limatchedwa boma, dzina la ofesi ya bwanamkubwa wa chizungu, ndipo limakhala ndi mfumu yake, akapitawo ngakhalenso dokotala. Apa m'pamene pagona nzeru za makolo aja. Pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kukhala pa udindo waukulu m'boma lenileni, iye anadzipangira boma lake pabwalo la gule, nasonyeza kuti ukhondo, mwambo ndi utsogoleri amazitha. Mayina a anthu amene anayambitsa guleyu sanalembedwe m'mabuku a sukulu, koma ntchito yawo ikuvinidwabe.

Zimene Atonga anachita ndi perete, abale awiri a ku Chileka m'boma la Blantyre anachita ndi gitala. Daniel Kachamba, amene anabadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald anakulirako ku Salisbury, mzinda womwe tsopano ndi Harare, kumene anamva nyimbo za kwela zochokera ku South Africa. Atabwerera kuno kumudzi anasakaniza kwelayo ndi kayimbidwe ka kwawo pogwiritsa ntchito gitala, chitoliro ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre nayamba kujambula nyimbo zawo. Zitatero, anyamata amene ankayimba m'misewu anayamba kuitanidwa ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, koma Donald anapitiriza, ndipo mu 1999 anakaphunzitsa nyimbo za Chimalawi pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Iye anatsikira kuli chete mu 2001.

Mpira wa miyendo nawo unabwera ndi azungu, naphunzitsidwa m'masukulu a mishoni. Mu 1978 timu ya Flames inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia ndi zigoli zitatu kwa ziwiri. Chaka chotsatira inakateteza chikhocho ku Kenya. Wosewera amene dzina lake linali pakamwa pa aliyense m'masiku amenewo ndi Kinnah Phiri, yemwe anamwetsera dziko lake zigoli 71. Anthu a m'midzi ya kunyanja ankazungulira wailesi imodzi kumvera masewerowo, ndipo pa maola amenewo panalibe wofunsa ngati womwetsa chigoli anali Mtumbuka, Myao kapena Mchewa. Kinnah yemweyo, ali mphunzitsi wa Flames, anatsogolera timuyi ku Angola mu 2010, kumene inathira Algeria zigoli zitatu kwa duu.

Amayi nawo sanatsalire. Mu 2015 Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney, ndipo mu 2024 Temwa Chawinga analandira ulemu wofanana nawo mu ligi yaikulu ya mpira wa miyendo wa amayi ku America.

Nkhani ya Amalawiwa ili pa mzere umodzi ndi ya anthu akuda a maiko ena. Mu 1936 Jesse Owens anapata mamendulo anayi a golide ku Berlin, m'dziko limene Adolf Hitler ankaphunzitsa kuti khungu loyera ndilo lopambana. Mu 1963 woyimba Miriam Makeba anaima pamaso pa bungwe la United Nations nadzudzula tsankho la ku South Africa, ndipo sanapondenso kwawo mpaka 1990.

Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo sikameta kokha, kamafuna dzanja laluso. Perete, gitala ndi mpira zinabweradi ndi alendo, koma luso lozisandutsa chuma cha mtundu linachokera kwa eni dziko. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa akatswiri oterewa amaiwalika msanga. Choncho wophunzira wa ku Dwambazi akaona nkhalamba imene inavinapo malipenga, ayenera kukhala nayo pansi, kuifunsa dzina la boma lake ndi amene anaiphunzitsa, n'kulemba zonsezo nkhalambayo ikadali moyo.