Myuziyamu yathu ilibe galasi

Ku Valletta, pa chilumba cha Malta, kuli kachifanizo kadongo ka mayi wogona chammbali, kongokwana m'manja. Kali ndi zaka pafupifupi 5,000, ndipo amakasunga m'galasi. Kukhudza ayi.

Ife kuno ku Dedza galasi tilibe. Myuziyamu yathu ndi mapiri a Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija adajambula ndi Akafula, alenje amene Achewa adawapeza kuno. Zoyerazo n'za Achewa: zina za Nyau, zina zolangizira atsikana kuchinamwali. Mu 1972, J. Desmond Clark adakumba pa Mwana wa Chencherere n'kupeza zida zamiyala za alenjewo.

Mwezi watha nditakwerako, ndidapeza dzina la winawake litalembedwa ndi makala pambali pa chojambula choyera. Ndidapsa mtima. Kenako ndidakumbukira kuti nanenso, ndili Fomu 2, ndidalembapo langa. Nthawi imeneyo ndinkangoona ngati ndi thanthwe wamba.

Mukapitako, jambulani ndi foni basi. Pamwalapo agogo athu adalemba kale.