Mabuku ofotokoza za chilengedwe cha ku Chipata ndi chigwa cha Luangwa

Kwa zaka zoposa 60 tsopano, akatswiri osiyanasiyana akhala akulemba za nthaka, mitengo ndi nyama za m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia. Ambiri mwa mabukuwa ali m'Chingerezi ndipo anasindikizidwa kunja, koma zimene amakamba zimakhudza anthu monga a m'komboni ya Nabvutika mumzinda wa Chipata, amene amaphikira malasha pa mbaula kwinaku akuona mitengo ikutha m'mapiri ozungulira mzindawu. Onse amalimbana ndi funso limodzi lakuti anawononga dzikoli ndani, nanga woyenera kulisunga ndani. Pa mfundo imeneyi alembiwo sagwirizana.

Mabuku a Norman Carr

Mlembi wodziwika kwambiri pa za Luangwa ndi malemu a Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912 ndi kumwalira mu 1997. Mu 1950 iwo anagwirizana ndi mfumu yaikulu ya Akunda, a Nsefu, kuti mbali ina ya dziko la mfumuyo ipatulidwe kukhala malo osungira nyama, ndipo ndalama zochokera kwa alendo odzaona nyamazo zizipita kwa eni dziko.

Buku lao la mu 1962, Return to the Wild, limasimba za ana awiri a mkango amene iwo analera kenaka n'kuwabwezera kuthengo. Pambuyo pake analemba Valley of the Elephants mu 1979, ndi Kakuli mu 1996. Dzina lakuti Kakuli, lomwe limanena za njati yaimuna yokalamba, ndi limene anthu a m'chigwamo anawapatsa. Mabukuwa anatchukitsa Luangwa kunja, ngakhale kuti amene amaonekera kwambiri m'kati mwake ndi nyama, osati alimi okhala nazo pafupi.

Alenje a Chibisa

Amene anatembenuza nkhani n'kuyang'ana kwa anthu ndi a Stuart Marks a ku America. Iwo anayamba kukhala pakati pa Abisa a kwa mfumu Nabwalya m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1976 anatulutsa buku la Large Mammals and a Brave People. M'bukuli anaonetsa kuti ulenje unali ndi malamulo ake, miyambo yake ndi njira zogawira nyama pakati pa abale, ndiponso kuti mlenje ndiye ankateteza minda ku njovu ndi nyama zina. Patapita zaka 40, mu 2016, analemba Life as a Hunt, momwe akunena kuti malamulo osungira nyama anasandutsa alenje a m'midzi kukhala akuba m'dziko la makolo ao, pamene phindu lalikulu linkapita kwina.

Nkhani ya ndale zake inalembedwa ndi a Clark Gibson m'buku la mu 1999, Politicians and Poachers. Iwo anafufuza mapologalamu a ADMADE ndi LIRDP a m'zaka za m'ma 1980, omwe cholinga chake chinali kugawira midzi ndalama zochokera ku nyama. Izi zinkachitika panthawi imene njovu ndi zipembere zinkaphedwa kwambiri, moti mu 1998 kunalengezedwa kuti chipembere chakuda chatha m'dziko la Zambia. Zina zinabwezeredwa ku North Luangwa kuyambira mu 2003.

Mbiri ya nthaka ya ku Chipata

Zolemba zimene zikukhudza Chipata mwachindunji ndi za a Leroy Vail, amene mu 1977 anatulutsa nkhani yotchedwa Ecology and History: The Example of Eastern Zambia m'magazini ya Journal of Southern African Studies. Iwo akufotokoza kuti Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu ozungulira Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Achewa, Angoni ndi Ansenga anapanikizidwa m'malo ochepa momwe nthaka inaguga ndi kukokoloka, pomwe malo olandidwawo ambiri anangosanduka tchire.

Malinga ndi a Vail, amuna atapita kukagwira ntchito kutali, ndipo boma la atsamunda litakhwimitsa malamulo a mfuti ndi ulenje, nyama zinachuluka pafupi ndi midzi. Pamodzi ndi nyamazo panabwera kashembe, yemwe anapha ng'ombe ndi kufalitsa matenda a kaodzera. Motero iwo akutsutsa ganizo lakuti umbuli wa alimi ndiwo unawononga dziko, n'kunena kuti gwero la bvutoli linali kulandidwa kwa malo.

Mitengo ndi mankhwala

Palinso mabuku othandiza kuzindikira zomera. Mu 1979 nthambi ya boma yoona za nkhalango inasindikiza Know Your Trees la a Storrs, lomwe limapereka maina a mitengo m'zilankhulo za m'Zambia ndi ntchito zake. Kutsidya kwa malire, a Brian Morris analemba Chewa Medical Botany mu 1996, buku la zitsamba za ku Malawi lomwe nzeru zake zambiri zinachokera kwa asing'anga ndi alimi.

Kwa ana asukulu, bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia ndilo linafikitsa nkhanizi pafupi kudzera m'makalabu a Chongololo, omwe anayamba m'zaka za m'ma 1970 pamodzi ndi magazini yao komanso pologalamu ya pa wailesi. Komabe mabuku aakulu amene atchulidwa m'nkhani ino analembedwa m'Chingerezi, chinenero chimene ambiri mwa alenje, alimi ndi asing'anga amene anapereka nzeru zao kwa alembiwo sankachiwerenga.