Ana a Malonda ku Migodi ya Mkuwa

Pamene John Edward Stephenson, amene anthu anamutcha Chirupula, anaimika boma la Ndola m'dziko la Alamba m'chaka cha 1904, ndiponso pamene njanji yochokera ku Broken Hill inafika kumeneko mu 1909 pa ulendo wake wa ku Katanga, malo a ntchito kumeneko anali a amuna okhaokha, onyamula katundu ndi okumba maenje pa mgodi wa Bwana Mkubwa, ndipo mawu a mwana woitanira malonda anali asanamveke. Ana anadza pambuyo pake, ndipo sanadze mwangozi. Eni migodi ya ku Joni, amene ankatenga amuna athu kudzera ku Wenela, sankafuna kuona mkazi kapena mwana pafupi ndi mgodi. Koma makampani a mkuwa, polimbirana antchito ndi migodi ya ku Katanga, anazindikira kuti munthu wokhala ndi mkazi wake sathawa ntchito msanga ndipo sadwaladwala, chotero anatsegulira mabanja makomo a makomboni. Mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa mkuwa mu 1932 pansi pa kampani ya Rhokana, ndi tauni ya Kitwe itakhazikitsidwa pambali pake mu 1936, m'makomboni a Wusakile ndi Mindolo munadzaza Abemba, Alozi, Anyakyusa, Ansenga, Achewa ndi Angoni a ku Fort Jameson, pamodzi ndi anthu a ku Nyasaland, amene ambiri a iwo, pokhala anaphunzira ku Livingstonia, ku Blantyre kapena ku Nkhoma, anakhala makalaliki, akapitawo ndi othandiza m'zipatala.

Malonda a ana anabadwira m'manja mwa amayi awo. Phoso la kampani linali loyezedwa, malipiro a mwamuna anali ochepa, ndipo mkazi wanzeru analima kadimba m'dambo, nafulula munkoyo, nakazinga mtedza ndi zitumbuwa. Mowa wokha ndiwo unali wa mobisa, pakuti akuluakulu ankafuna kuti phindu la mowa lonse lithere m'nyumba zawo zomwera. Tsono popeza mayi sangasiye mphika pamoto ndi khanda kumsana kukaima pachipata cha mgodi tsiku la malipiro, anatuma mwana wachisamba ndi lichero pamutu. Poyamba mwanayo anali miyendo chabe ya amake, wonyamula katundu wa mwini ndi kubweza ndalama za mwini. Koma mwana amene wagwira makobidi miyezi ingapo sachedwa kuona kuti nzimbe imodzi yogula tiki, akaidula mfundomfundo nakaima nayo pabwalo la mpira Loweruka masana, ibwera ndi mnzake. Ndipo tsiku limene anapempha kuti, "Amayi, ndibwerekeniko tiki, ndidzabweza Lamulungu," ndilo tsiku limene malonda a ana anayamba kukhala ake a mwana.

Madzulo, nyali itayatsidwa, mayi ankayala nsalu pamphasa, mwana nakhuthulirapo zimene wapeza, ndipo awiriwo ankazigawa milu iwiri: uwu ndi mpamba, uwu ndi phindu. Pamenepo mwana anaphunzira malamulo amene sanalembedwe m'buku lililonse la sukulu ya mishoni: kuti mpamba sadya ngakhale njala ikuwawa, kuti wogula kawirikawiri amuikira basela, kuti ngongole ya munthu woledzera siibwera, ndi kuti chenje uwerengere m'dzanja la mwini akuona. Anyamata ena ananyamulira Azungu ndodo za gofu, ena anatola mabotolo, ena anapinda mawaya kukhala magalimoto nagulitsa kwa anzawo. M'mera mpoyamba, anatero makolo, ndipo amayi ambiri anakhulupirira ndi mtima wonse kuti akulima chinthu chabwino mwa ana awo.

Komatu m'nyumba yomweyo munali mtima wina wosakondwa. Kalaliki amene anayenda pansi masabata kuchokera kunyanja, natha zaka akupirira mawu achipongwe kuti mwana wake adzagwire cholembera, sanathe kuona mwanayo atasenza lichero pamaso pa anzake a mu ofesi popanda kumva ngati wavulidwa. Mkazi wake ankamuyankha mwaulemu kuti, "Bambo a kunyumba, sopo ndi mchere zija mumaona si za phoso ayi," ndipo mkangano umenewu, wa ulemu wa bambo ndi chidziwitso cha mayi, unakhala m'mabanja ambiri osatha. Pansi pake panali mantha aakulu koposa manyazi. Kumudzi mwana anali wa mbumba yonse. Analipo amalume omudzudzula, agogo omulangiza, ndi mudzi wonse womuona kumene wapita. Ku komboni kunalibe onsewa, ndipo mwana wa malonda, amene ankalankhula Chibemba cha m'tauni mosadodoma pamene makolo ake ankachithyolathyola, amene ankadziwa njira zachidule zonse ndi mitengo ya zinthu zonse, anasanduka wodziwa dziko kuposa om'bala. Kholo limene lizindikira kuti silingathe kulangiza mwana wake za malo amene iye akhalamo tsiku lonse limva chisoni chovuta kuchitchula. Nawo mafumu ndi akuluakulu a boma la atsamunda ankadandaula za ana okulira m'tauni opanda mwambo, nayesa kubweza ena kumidzi; lamulo la 1933 linaletsa kulemba ana aang'ono ntchito za m'migodi ndi m'mafakitale, koma lichero la pamsewu linapitirira monga kale.

Ndiyenera kunena poyera kuti m'zaka zimene mgodi unali wolimba, malonda amenewa sanali oipa. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndalama zitasintha kukhala kwacha ndi ngwee mu 1968, ndi boma la Kenneth Kaunda litalengeza mu 1969 kuti litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi, wantchito wa ku Nkana anali ndi nyumba, madzi, magetsi ndi chipatala kuchokera ku kampani, ndipo nsima ya banja inachokera m'thukuta la bambo. Mtsikana wa ku Chamboli wogulitsa mapapaya a pakhomo, kapena mnyamata wa ku Chifubu woweta nkhunda, ankasunga ngwee zake m'chitini kuti agule nsapato za Khirisimasi. Akaluza, ankalira, amake namutonthoza, bambo ake namuseka pang'ono namupatsa mpamba wina. Ndipo kuluza kumeneko kunali mbali ya maphunziro ake.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo sunadzuke msanga monga unachitira pambuyo pa tsoka la 1931 ndi 1932, pamene Bwana Mkubwa inatsekedwa ndipo antchito a m'migodi anatsika kuchoka pa 30,000 kufika pochepera 7,000. Ulendo uno usiwa unakhazikika. Ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinayamba kusowa m'masitolo a boma, mizere inayamba m'bandakucha, ndipo m'misewu ya Kitwe ndi Ndola munaoneka anyamata otchedwa a mishanga, ogulitsa fodya ndudu imodziimodzi kwa anthu osatha kugula paketi, amenenso ankaima pamizere ija kugula katundu wosowa kuti akamugulitse mokwera kuseri. Apolisi ndi achinyamata a chipani cholamula ankawathamangitsa ngati akuba, ndipo ambiri a iwo anali ana a nyumba zolemekezeka amene makolo awo anayamba akana ndalama zotere, kenaka nazilandira osafunsa. Mu Disembala 1986, boma litakweza mtengo wa ufa, matauni a mkuwa anabuka, masitolo anaswedwa, ndipo anthu 15 anafa.

Chotsatira chake chinali chowawa koposa. Kampani ya migodi ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inagulitsidwa zidutswazidutswa mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, ndipo pofika chaka cha 2000, pamene Nkana inapita m'manja mwa kampani ya Mopani, antchito a m'migodi, amene anaposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970, anali osakwana 25,000. Mafakitale a ku Ndola anatsekedwa motsatizana, ndipo Edzi inalowa m'makomboni nisiya agogo ndi adzukulu. Tinyumba ta malonda totchedwa tuntemba tinamera pakhomo lililonse, ufa unayamba kugulitsidwa m'timapepala tokwanira nsima ya usiku umodzi totchedwa pamela, ndipo kumbuyo kwa kauntala kapena pansi pa beseni la mandasi munali mwana.

Pano ndipo pali mtima wa nkhani yathu, ndipo ndikupempha owerenga kuti alowe nane m'nyumba ya munthu amene anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka makumi awiri, natsala ndi chipewa cholimba chopachika pakhoma. Dzuwa lalowa, mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri wabwera kuchokera ku siteshoni ya mabasi, wagwada pakhomo. "Wayenda bwanji, mayi wanga?" afunsa bamboyo. "Ndayenda bwino, bambo," ayankha mwana, koma ndalama sapereka pamenepo. Apita nazo kukhitchini nakaika m'dzanja la amake mobisa, pakuti ngakhale ndi wamng'ono wazindikira kale kuti atate ake sangapirire kuzilandira. Ndipo nsima ikafika pamphasa, onse atatu adziwa kumene yachokera, ndipo palibe wotchula. Bambo wotere amamunyadira mwanayo ndi kumuchitira manyazi nthawi imodzi, ndipo si kawirikawiri kuti mtima wa munthu usenze ziwirizi popanda china kusanduka ukali. Tsiku limene a khonsolo alanda beseni, kapena wakuba athyola thumba, kapena mwanayo, njala itamugwira, adya mandasi awiri, ndodo imagwa molemera kuposa mlandu wake, ndipo womenyayo amalira pambuyo pake. Mtumwi Paulo anakumbutsa Akorinto kuti udindo wosungira chuma uli pa makolo, osati pa ana. Makolo a ku Wusakile ankadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo n'chifukwa chake zinawapweteka. Ine sindiwaweruza, pakuti sanagwetse mtengo wa mkuwa ndi iwo. Koma sindingavomerezane ndi aja amene amayamikira nyengo imeneyo kuti inaphunzitsa ana kudzidalira. Mwana amene saloledwa kuluza sakuphunzira malonda, wasenza nyumba. Ndipo ambiri anaisenza mpaka sukulu inawagwa m'manja. Ena, atakula pang'ono, anapita kukakumba zotsalira za mkuwa pa phiri la zinyalala za ng'anjo la ku Nkana lotchedwa Black Mountain, limene mu Juni 2018 linagumuka n'kukwirira anthu osachepera khumi.

Boma linachotsa malipiro a sukulu za pulayimale mu 2002, ndipo mu 2022 linachotsanso a ku sekondale, chotero ana ambiri amene akadakhala pamsewu tsiku lonse tsopano amagulitsa akaweruka kapena pa tchuthi. Ku msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola akadalipo, atakhala pambali pa amayi awo, akuwerenga chenje ndi dzanja limodzi, lina litagwira kope. Ndipo aja anali anyamata a mishanga ndi atsikana a mandasi ndiwo makolo ndi agogo a lero, ena a iwo eni masitolo, ndipo pa nkhani iyi agawikana pawiri. Alipo amene analumbira kuti mwana wawo sadzagwira beseni iwo ali moyo, ndipo amakwiya ngakhale mwanayo atangopempha kugulitsa masiwiti kwa anzake a m'kalasi. Aliponso amene amapereka mpamba mokondwa, kugulira mwana anapiye makumi awiri kapena timapepala toumitsira madzi otsekemera mufiriji, koma amaika lamulo limodzi lolimba, limene makolo awo sanathe kulisunga: ndalama za mwana zikhale m'chitini chake, zisalowe mumphika wa banja. Amayi otere mchere ukatha pakati pa mwezi amapita kukapempha kwa oyandikana nawo, chitini cha mwana chili chodzaza pashelefu, ndipo mwamuna akafunsa chifukwa chake, amangoyankha kuti, "Zija n'za mwana, bambo, tidikire malipiro."