Kuchokera ku Vienna kufika ku Chipangali: ndani amaphunzitsa ndi kuteteza mtolankhani?

Mu October 1950, akonzi a nyuzipepala 34 ochokera m'maiko 15 anakumana pa yunivesite ya Columbia ku New York. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itatha zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo iwo anali ataona okha momwe maboma anagwiritsira nchito nyuzipepala ndi wailesi ponamiza anthu. Anakhazikitsa bungwe la International Press Institute, mwachidule IPI, lomwe lero likulu lake lili ku Vienna. Nchito zake zinali ziwiri: kuteteza atolankhani akamazunzidwa, ndi kuwaphunzitsa kuti azigwira bwino nchito. Ife amene timatola nkhani za pa wailesi kuno ku Chipangali, pakati pa minda ya fodya, thonje ndi nshawa, tili ndi chifukwa chofunsa kuti pa ziwirizi, ndi iti imene inatifikadi.

Nthawi imene akonziwo ankakumana, dziko lino linali Northern Rhodesia ndipo Chipata anali Fort Jameson. Nkhani za m'Chinyanja zinalipo. Boma la atsamunda linayambitsa nyuzipepala ya Mutende mu 1936, ndipo kuyambira 1949 kunabwera tiwailesi totchipa tooneka ngati sefuliya, timene agogo athu ankamverera mawu ochokera ku Lusaka. Chilankhulo chinali chathu, koma wosankha zoti timve anali mwini boma.

IPI inalowa mu Africa ndi maphunziro. Mu 1963 inatsegula kosi ya atolankhani ku Nairobi, motsogozedwa ndi a Tom Hopkinson, omwe kale anali mkonzi wa magazini ya Drum ku Johannesburg. Vuto linali loonekeratu. Maiko anali kulandira ufulu, koma m'maofesi a nyuzipepala mipando ya akonzi inali ya azungu. Panafunika anthu akuda odziwa kufunsa mafunso, kutsimikizira nkhani ndi kuilemba nthawi isanathe. Kuno kwathu nchito yotere inadzagwiridwa ndi koleji ya Evelyn Hone, kenaka ZAMCOM.

Koma luso lokha silinakwanire. Boma linagula nyuzipepala ya Central African Mail mu 1965, imene lero ndi Zambia Daily Mail. Mu December 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1975 a Kenneth Kaunda analengeza kuti UNIP itenga Times of Zambia. Kuno kum'mawa anthu ankawerenga Tsopano, nyuzipepala ya Chinyanja yosindikizidwa ndi boma. Mtolankhani ankatha kukhala wophunzira bwino, komabe ankadziwa pamene cholembera chiyenera kuima.

Chaka cha 1991 ndicho chinatembenuza zinthu. Atolankhani a mu Africa anakumana ku Windhoek m'dziko la Namibia, pa msonkhano wokonzedwa ndi UNESCO, ndipo pa 3 May anagwirizana mfundo yakuti dziko silingatukuke popanda nyumba zofalitsa nkhani zoima pazokha ndiponso zosiyanasiyana. N'chifukwa chake 3 May ndi tsiku lokumbukira ufulu wa atolankhani pa dziko lonse. Chaka chomwecho ku Lusaka kunabadwa Weekly Post, ndipo mu October anthu anavotera zipani zambiri. Mu 1992 kunabadwa MISA, bungwe la atolankhani a kummwera kwa Africa, lomwe nthambi yake ya ku Zambia ambiri a ife timaidziwa kuposa IPI.

Boma latsopano la a Frederick Chiluba silinachedwe kutopa nayo nyuzipepalayo. Mu February 1996 linaletsa kope nambala 401 ya The Post, mpaka kulamula kuti ichotsedwe pa intaneti, nthawi imene anthu ochepa kwambiri anali ataonako intanetiyo. Mwezi wotsatira, a Fred M'membe ndi a Bright Mwape anatsekeredwa m'ndende pa lamulo la nyumba ya malamulo chifukwa cha zimene analemba. Anakhalamo masiku 24 kufikira khoti lalikulu litawamasula. Mayi Lucy Sichone, omwe ankafunidwa pa mlandu womwewo, anabisala. Mabungwe akunja anafuula, ndipo mu 2000 IPI inaika a M'membe pa mndandanda wa ngwazi 50 za ufulu wa atolankhani pa dziko lonse. Lero iwo ndi mtsogoleri wa chipani cha ndale, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake pa za iwo, koma masiku 24 aja sanafafanizike.

Mphamvu ya mabungwe otere ili ndi malire, ndipo tinawaona mu 2016. Mu June chaka chimenecho, patatsala milungu yochepa kuti tivote pa 11 August, ZRA inatseka The Post ponena kuti ili ndi ngongole ya misonkho. IPI inatumiza nthumwi ku Lusaka mu July kukachonderera kuti itsegulidwe. Sinatsegulidwe. Kalata yochokera ku Vienna imatha kuchititsa boma manyazi, koma ilibe kiyi wa loko.

Ifeyo tikaunika, chimene chinafika m'midzi yathu ndi nchito yachiwiri ija, ya maphunziro, ndipo inafika kudzera pa wailesi. The Post inali ya m'Chingerezi. Ku Mgubudu kapena kwa mfumu Chanje ndi angati ankaigula? A Mike Daka anatsogolera ZAMCOM zaka zoposa khumi akuphunzitsa atolankhani, kenaka anasiya Lusaka n'kudzatsegula Breeze FM ku Chipata mu 2002. Munthu amene anatchuka koposa pa wailesiyo sanali mtolankhani wa madigiri. Anali mphunzitsi wopuma pa nchito, Gogo Breeze, yemwe ankawerenga makalata a omvera, kuyenda m'midzi ndi chojambulira mawu, ndi kutengera madandaulo a alimi ndi aganyu kwa mabwana. Katswiri wina wa ku Cambridge, a Harri Englund, analemba buku lathunthu za iwo mu 2018. Pamodzi ndi Radio Maria ku Chipata, Chikaya ku Lundazi ndi Mphangwe ku Katete, mawailesi amenewa anachita chimene Mutende ndi Tsopano sizinachite: mlimi analankhula yekha, m'mawu ake, mkulu wa boma n'kumamvetsera.

Pamene pali mawu a anthu ambiri m'pamenenso andale amathamangira. Mu 2020 mawailesi a ku Mpika, Chinsali ndi Isoka anasokonezedwa chifukwa choulutsa mawu a Hakainde Hichilema, omwe panthawiyo anali otsutsa boma. Oopsezedwa kumeneko sanali akonzi otchuka. Anali achinyamata onga ife, ambiri ogwira nchito mongodzipereka, omwe maphunziro awo ndi satifiketi imodzi kapena kosi ya masiku atatu mu loji. Mkonzi wa ku Lusaka akamangidwa amakhala ndi loya. Wodzipereka wa pa wailesi ya kumudzi amakwera minibasi imodzi ndi makada amene anamuopseza dzulo, mwinanso amapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Malamulo ena asintha. Mu December 2022 linachotsedwa lamulo lomanga munthu chifukwa chonyoza mtsogoleri wa dziko. Mu December 2023 linasainidwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata ndi ziwerengero ku maofesi a boma, lomwe MISA ndi anzake analimenyera kwa zaka zoposa 20. Komanso mu April 2025 kunabwera malamulo atsopano a za pa intaneti, amene atolankhani ndi maloya ambiri anadandaula nawo kuti akupatsa boma mphamvu zochuluka zosuzumira zolankhula za anthu.

Kwa ife lamulo la 2023 ndilo lili pafupi. Chipangali linakhala boma palokha mu 2018, ndipo ndalama za CDF pa dera lililonse la phungu zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Ndalama zimenezo ndi za mijigo, madesiki ndi mabasale a ana. Lamulo likulola wodzipereka wa pa wailesi kulembera khonsolo kupempha mndandanda wa amene anapatsidwa makontrakiti. Lamulolo ndi la m'Chingerezi, bajeti ya khonsolo ndi ya m'Chingerezi, ndipo pulogalamu ya madzulo timaulutsa m'Chinyanja. Tikufuna kosi yophunzitsa kulemba kalata yopemphayo ndi kuwerenga yankho lake, yochitikira kuno, osati ku Lusaka.