Mbiri ya Kusakaniza Mapulasitiki Ochokera ku Zomera

Pulasitiki amapangidwa ndi timaunyolo tatitali ta mamolekyulu, ndipo kulimba kwake kumadalira mmene timaunyoloti timakhalira iye akamazirala. Tikandandalikana mwadongosolo ngati ukonde wopindidwa bwino, pamapangika zimene akatswiri amazitcha makirisitalo, koma tikangopiringizana, pulasitikiyo sachedwa kufewa akatenthedwa.

Mu 1926 Maurice Lemoigne wa ku France anapeza PHB, pulasitiki amene mabakiteriya amasunga m'thupi mwawo ngati chakudya, koma makirisitalo ake amakula mopyola muyeso, moti katundu wopangidwa naye amathetheka msanga. Mu 1932 Wallace Carothers wa kampani ya DuPont anapanga pulasitiki wina wotchedwa PLA, amene masiku ano amachokera ku shuga wosasitsidwa, ndipo vuto lake linali losiyana, pakuti amachedwa kupanga makirisitalo, komanso amafewa pa madigiri pafupifupi 60, kutentha kosafika ngakhale pa tiyi wongophulidwa kumene.

Njira yothetsera mavutowa inapezeka m'kusakaniza. Mu 1987 Yoshito Ikada ndi anzake ku Japan anasonyeza kuti mitundu iwiri ya PLA, imene mamolekyulu ake amafanana koma moyang'ana mbali zosiyana, ikaphatikizidwa imalumana n'kupanga makirisitalo osungunuka pa madigiri pafupifupi 230, pomwe mtundu uliwonse pawokha supitirira 180. Zinadziwikanso kuti tizidutswa ta sitachi kapena ta PHB timakhala poyambira makirisitalo a PLA, motero timafulumizitsa kuuma kwake. Kampani ya Novamont ya ku Italy inatchuka ndi pulasitiki wosakaniza ndi sitachi, ndipo kampani ya BASF inayamba kugulitsa pulasitiki wosakaniza wotchedwa Ecovio mu 2006.

Nkhaniyi ikukhudza Salima kwambiri, chifukwa chinangwa cha m'mbali mwa nyanja ndi gwero la sitachi, ndipo nzimbe zimene Salima Sugar Company yakhala ikugaya kuyambira 2016 ndi mbewu yomweyo imene fakitale ya ku Rayong m'dziko la Thailand imapangira PLA. Kufunika kwa chinthu cholowa m'malo mwa majumbo kunakula pamene boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60 mu 2015, lamulo limene khoti la Supreme linatsimikizira mu 2019. Chodetsa nkhawa n'chakuti makirisitalo amene amalimbitsa thumba ndi omwewo amene amachedwetsa kuola kwake, ndipo PLA amafuna kompositi yotentha pafupifupi madigiri 58, kutentha kumene madzi a ku Senga Bay sangakufike, kotero thumba lotere likagwera m'nyanja likhoza kukodwa m'chilimira cha msodzi kwa zaka zambiri.