Chimene chinachedwetsa akatswiri kumvetsa thupi la mayi

Akatswiri a ku Ulaya ong'amba mitembo pofuna kuphunzira thupi la munthu anatenga zaka mazanamazana kuti amvetse ziwalo zoberekera za mayi, ndipo chinawachedwetsa kwenikweni ndi chikhulupiriro choti thupi la mwamuna ndilo muyeso wa munthu. Aristotle ankaphunzitsa kuti mayi amangopereka magazi, pomwe umuna ndiwo umaumba mwana. Galen, sing'anga wa m'zaka za m'ma 100, ankati ziwalo za mayi ndi zomwezo za mwamuna, kungoti zinapindikira mkati. Ngakhale Andreas Vesalius wophunzitsa ku Padua, yemwe ankang'amba yekha mitembo n'kumatsutsa Galen pa zambiri, m'buku lake la 1543 anajambula njira yodutsira mwana ngati chiwalo cha mwamuna.

Choona chinabwera pang'onopang'ono. Mu 1561, Gabriele Falloppio, wophunzitsa ku Padua komweko, anafotokoza bwino machubu awiri ochokera m'chiberekero kulowera kumatumba a mazira. Mu 1672, Regnier de Graaf anapeza timatuza m'matumba a mazira a akalulu n'kuganiza kuti ndito mazira, pomwe dzira limakhwimira mkati mwa katuzako. Dzira lenilenilo analiona Karl Ernst von Baer mu 1827, mwa galu. Kuchokera apo zinayamba kumveka kuti dzira limatuluka pafupifupi mwezi uliwonse, kukumana ndi umuna m'chubu, kenako kukamatirira m'chiberekero. Likapanda kukumana nawo, chiyalo cha m'chiberekero chimatuluka ngati msambo.

Ena angati vuto linali zipangizo, popeza dzira la munthu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, komanso mitembo ya amayi inkasowa. Mfundoyi ili ndi choona chake, koma siikwanira. Chiberekero sichifuna maikulosikopu kuti chioneke, koma akatswiriwo anachijambula molakwika. Ndipo chipangizochi chitapezeka, Antonie van Leeuwenhoek anaona mbewu za mu umuna mu 1677, zaka 150 dzira lisanaoneke, mpaka Nicolaas Hartsoeker mu 1694 anajambula kamunthu kokhala m'mutu mwa mbewu ya mwamuna, komwe kunalibeko. Panapita zaka zambiri mpaka 1876 pamene Oscar Hertwig anasonyeza, mwa zamoyo za m'nyanja, kuti dzira ndi mbewu zimalumikizana kupanga chamoyo chatsopano. Choncho aliyense wonena lero kuti mayi ndi munda wongolandira mbewu akubwereza cholakwa chomwe ochita kafukufuku anachisiya kalekale, ndipo akumana mayi theka la mwana lomwe ndi lakelake.