Maso a Land Rover yakale ya ku Chikamveka

Sabata ino ndakutengerani nkhani ya malaiti a galimoto. Musathawe msanga, si ya amakaniko okha ayi.

Kuno ku Chikamveka kuli bambo wina wachikulire amene akusungabe Land Rover ya m'chaka cha 1964, ya Series IIA, ija ya maso oyandikana pakati pa mphuno ngati kadzidzi. Injini ikadali ya moto. Vuto ndi usiku. Akati akwere ku Ku Chawe dzuwa litalowa, malaiti ake amangoti phethiphethi ngati koloboyi, ndiye mdzukulu wawo anawagulira mababu a LED pamsika kuti agogo asiye kuyenda mofufuza. Atangowaika, njira inawala mbee, koma aliyense wobwera kutsogolo ankangowaphethirira malaiti mokwiya. Tsiku lina wakabaza wina anathobwa m'maso n'kukagwera mu ngalande pamodzi ndi mayi amene anamunyamula. Mwamwayi sanavulale kwambiri. Madalawo anachotsa mababu aja usiku womwewo.

Kuti timvetse chimene chinalakwika, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Magalimoto oyamba analibe magetsi. Ankayendera nyali za mafuta, kenako za kabaidi, mwala womwe uja ena amapsetsera nthochi ndi kuwotcherera zitsulo. Madzi akamadonthera pa kabaidi pamatuluka gasi, dalaivala n'kutsika kukayatsa ndi machesi. Ku Birmingham kampani ya Joseph Lucas inatchuka ndi nyali zotere, ndipo dzina lomweli ndi limene linadzakhala pa malaiti a pafupifupi galimoto iliyonse ya ku Britain imene inafika ku Nyasaland. Mu 1912 Cadillac ya ku America inatulutsa galimoto yokhala ndi magetsi oyatsira malaiti ndi olizira injini pamodzi. Apa m'pamene panabadwa vuto limene tili nalo mpaka lero: nyali ikawala kwambiri, wobwera kutsogolo saona. Mu 1924 kunabwera babu ya Bilux, yokhala ndi timawaya tiwiri m'kati, kena ka fulu kena ka dimu. Taganizani, dimu imene madalaivala athu ena amaiiwala pa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde yakwanitsa zaka 100.

Kuyambira mu 1940 dziko la America linalamula kuti magalimoto onse azikhala ndi nyali zozungulira za mainchesi 7, zomatiratu galasi ndi mbale yake, zija amati sealed beam. Ikapsa umataya yonse. Muyeso wa mainchesi 7 umenewu unafala kwambiri, ndipo ndi womwe uli pa Land Rover ya madala athu aja. Babu ya halogen inayamba ku Ulaya mu 1962, xenon inatulukira pa BMW mu 1991, ndipo LED inalowa m'malaiti akutsogolo cha m'ma 2007 pa Lexus. A ku France okha ndiwo anali ndi khalidwe lawolawo: kuchokera m'ma 1930 mpaka 1993 lamulo lawo linkafuna malaiti achikasu.

Nanga ku Zomba kuno? Tauni ino inali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye magalimoto a boma, a polisi, a asilikali a ku Cobbe Barracks ndi a za nkhalango ankadzaza muno. Ambiri anali ma Land Rover, ndipo akakalamba ankagulitsidwa kwa anthu wamba. Amene munakwerapo phiri kalekale mukukumbukira kuti kunali msewu wokwerera pawokha ndi wotsikira pawokha, wopapatiza, wokhotakhota, phompho lili pambalipa. Mumsewu wotere simunkakumana ndi mnzanu maso ndi maso, ndiponso palibe amene ankathamanga. Nyali yofooka inkakwanira ndithu. Lero zinthu zinasintha. Wokwera ndi wotsika amakumana pa kona, m'mbali muli anyamata otsika ndi nkhuni pa njinga, amayi osenza mbatata, ana ogulitsa zipatso. Kuwala kumene kunkakwana mu 1964 lero n'kochepa, apa mdzukulu uja sanalakwe. Analakwitsa mankhwala basi.

Mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali yakale anaipanga moyeza kuti kuwala kuzichokera pa kadontho kamodzi, pamene pali kawaya koyaka kaja. Kawayako kakakhala pamalo pake, mbale ndi mizere ya pagalasi zimasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pansi, kutsogolo, ndi mzere woduka bwino pamwamba. Ndipo popeza ife timayenda kumanzere, nyali yathu imakweza kuwala pang'ono chakumanzere kuti uone woyenda pansi, n'kukutsitsa chakumanja kumene kukuchokera mnzako. Babu ya LED yotchipa ilibe kadontho kamodzi. Ili ndi timagalasi tingapo towala kuchokera m'mbali, ndiye mbale ija imangomwaza kuwala paliponse, m'mitengo, m'mwamba, m'maso mwa anthu. Woyendetsa amaona ngati zatheka chifukwa pafupi pawala kwambiri, chonsecho patali sakuona bwino. Kukagwa chifunga cha kuphiri kuja, kuwala koyera mobiriwirako kumangobwerera kwa iwe mwini ngati khoma. Chimodzimodzinso ukagula nyali yopangidwira maiko oyenda kumanja: imakweza kuwala mbali yolakwika, molunjika nkhope ya wobwera.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti makaniko amene anakonza galimotoyi, mkulu wina wa imvi amene anaphunzira ntchito nthawi ya Kamuzu, sanayambe ndi babu n'komwe. Anatenga mita n'kuyeza magetsi pa batire, kenako pa nyali penipeni. Anapeza kuti panjira pakutayika pafupifupi mavoti awiri. Pa magalimoto akalewa magetsi amachoka ku batire, kukazungulira ku switch ya kwa dalaivala, kenako n'kubwerera kutsogolo kudzera m'mawaya opyapyala a zaka 60, olumikiza mwake muli dzimbiri lokhalokha. Babu ya kawaya ndi yadyera: ukaimana gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi ake, imakumana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala. Azungu eni ake ankanyoza Lucas kuti ndi kalonga wa mdima, koma kunena zoona mlandu wambiri unali wa dzimbiri.

Ndiye anapala malo onse a earth mpaka chitsulo kuwala, anaika ma relay awiri pafupi ndi batire, wina wa dimu wina wa fulu, ndi waya wonenepa ndi fyuzi yake, kuti switch yakale ija izingotuma uthenga osati kusenza katundu. Kenako anachotsa nyali zakale zimene mbale zake zinali zitachita chikasu, n'kuika zina za mainchesi 7 zolandira babu ya H4, ya mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu, zopangidwira maiko oyenda kumanzere. Mdzukulu anafunsa bwanji osaika za mawati 100. Mkuluyo anangoloza dynamo. Dynamo ya Lucas ya nthawi imeneyo imapereka ma amp 22 okha injini ikamathamanga, ndipo ikamangolira pang'onopang'ono sipereka kanthu kwenikweni. Ukaisenzetsa zambiri, batire imakuthera uli ku Chingwe's Hole.

Panalinso maganizo osamutsa nyali kuziika m'mapiko, monga a Land Rover eni ake anachitira cha m'ma 1968 ndi 1969 malamulo a maiko ena atawakakamiza. Zili ndi nzeru yake, chifukwa maso oyandikana amanamiza wobwera kutsogolo, amayesa galimoto ili patali kapena ndi yaing'ono. Koma madala anakana. Akuti imeneyo ndiye nkhope imene anaigula nayo, ndipo ine sindikuwatsutsa. M'malo mwake anakonza timalaiti tating'ono ta m'mbali tija kuti tizionetsa kukula kwa galimoto.

Ntchito yomaliza inachitika madzulo. Anaimika galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma la nyumba, matayala atapopedwa bwino, mdzukulu atakhala pampando wa dalaivala. Mkulu uja analemba mizere pakhoma ndi khala, n'kumapotokola timasikuluwu mpaka mzere wa kuwala unatsika pang'ono kunsi kwa msinkhu wa nyali. Kenako anayenda masitepe angapo kutsogolo, anatembenuka, ananjuta pansi ngati mwana wamng'ono, n'kuyang'ana galimotoyo kumaso. Anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka, nati nyali ya kumanja itsikenso pang'ono.